Kabatani ndi Mapu a Nsalu

Kabatani anali mtsikana wamanyazi. Anali wamfupi. Nkhope yake inali yozungulira ngati batani la malaya. N'chifukwa chake onse ankamutcha Kabatani.

Kabatani sankayankhula kwambiri. Koma ankaona zambiri. Ankamvetseranso zambiri.

Sabata imeneyo ankafuna chinthu chimodzi chokha. Ankafuna kupanga mapu olondola. Ankafuna kukawaonetsa m'kalasi Lachisanu.

Zinayamba Lolemba. Aphunzitsi analemba mawu pabolodi. Phiri. Chigwa. Mtsinje. Nyanja. Chilumba. Malire. Msika. Fakitale. Doko.

"Mapu ndi chithunzi cha malo," anatero aphunzitsi. "Amaonetsa malo monga mbalame imawaonera ili m'mwamba. Aliyense apange mapu a dziko lakelake. Likhale longopeka. Koma chilichonse chikhale pamalo pake."

"Tipange ndi chiyani, aphunzitsi?" anafunsa mnyamata wa pabenchi lakumbuyo.

"Ndi chilichonse chimene chili kwanu. Lachisanu aliyense adzaima kutsogolo kuno. Adzatifotokozera mapu ake."

Kabatani anaweramitsa mutu. Kuima kutsogolo! Maso onse pa iye!

Panjira anaganiza kwambiri. "Mapu akakhala olondola, ndidzangoloza," anadziuza. "Chala chidzatsogola. Pakamwa padzatsatira. Koma akakhala olakwika, anzanga adzandiseka."

Amayi a Kabatani anali telala. Ankasoka m'kachipinda kakang'ono m'mbali mwa msewu. Munali makina osokera. Munali tebulo lalitali lodulirapo nsalu. Munali sizasi yaikulu, choko ndi tepi yoyezera.

Pakona pankaima Malume. Ntchito yawo inali kusita zovala. Malume ankayankhula tsiku lonse. Ankayankhula ngakhale ndi simbi yawo.

Amayi ankakonda zowongoka. "Ine msoko wokhota sindiufuna," ankatero.

Malume ankakonda zosalala. "Ine makwinya ndi adani anga," ankatero.

Pansi pa tebulo panali dengu. M'dengumo munali zidutswa za nsalu. Kabatani ankakonda kukhala pansi pamenepo. Panali phee. Ankangoona mapazi a Amayi akupalasa makina.

Tsiku limenelo anayang'ana dengulo nthawi yaitali. Kenako anamwetulira.

Lachiwiri Kabatani anayamba ntchito. Anayala nsalu yaikulu yobiriwira. Imeneyi inali mtunda wa minda ndi midzi.

Anatenga choko. Pamwamba analemba kuti kumpoto. Pansi analemba kuti kum'mwera. Kudzanja lamanja analemba kuti kum'mawa. Kudzanja lamanzere analemba kuti kumadzulo.

Anatenga nsalu yabulauni. Anaifinya, anaifinya, mpaka inachita makwinya. Anaiika kumpoto. Limeneli linali phiri.

Anatenga nsalu yabuluu. Anaiika kum'mwera. Imeneyi inali nyanja.

Anatenga riboni yabuluu. Anaiyambitsa paphiri. Anaikhotetsa uku. Anaikhotetsa uko. Anaifikitsa kunyanja. Umenewu unali mtsinje.

Anadula kansalu kachikasu. Anakaika pakati pa nyanja, pakokha. Chimenechi chinali chilumba.

Zonse anazigwiriza ndi mapini.

Lachitatu Kabatani anaika za anthu. Anatenga zipi yakale yakuda. Mano ake ankaoneka ngati njanji. Anaigoneka kuchokera kum'mawa mpaka kumadzulo.

Anatenga mabatani atatu. Lofiira linali msika. Analiika pakati pa midzi. Lakuda linali fakitale. Analiika pafupi ndi njanji. Loyera linali doko. Analiika pagombe, pomwe mtunda umakumana ndi nyanja.

Kenako analowetsa ulusi wofiira m'singano. Anasoka mzere wodukizadukiza. Ulusi unkaoneka, n'kubisala, n'kuonekanso. Amenewa anali malire.

Amayi anasuzumira pansi pa tebulo.

"Ii, mwanangu, mapini onsewa? Akubaya panjira. Mapuwa uwasiye pano mawa. Ndikusokera ndi makina."

Kabatani anagwedeza mutu kuvomera. Ankafuna kunena kuti, "Musasunthe kanthu." Anatsegula pakamwa. Koma pakhomo panamveka odi. Panalowa munthu wodzayezetsa jekete. Kabatani anatseka pakamwa.

Lachinayi masana Kabatani anaweruka. Anathamanga njira yonse. Anapeza Amayi ndi Malume akumwetulira.

"Tseka maso, muphwa wanga," anatero Malume. "Osabera!"

Kabatani anatseka maso.

"Tsegula!"

Mapu anali patebulo. Anali okongola. M'mbali monse munali mopinda bwino. Panalibe pini ngakhale imodzi. Panalibe ulusi wolendewera.

"Ndasiya diresi la eni ake kuti ndisoke zimenezi," anatero Amayi. "Ndakukonzera ponse pamene panakhota."

"Kusitako ndi ine," anatero Malume, akudziguguda pachifuwa. "Taona kusalala kwake. Ntchentche ikhoza kuterereka."

Kabatani anayang'ana mapu aja. Anayang'ananso.

Mtsinje unali wowongoka ngati tepi yoyezera.

Phiri linali litaphwa. Linali myaa, ngati mpango.

Chilumba sichinali pakati pa nyanja. Chinali chitasokedwa kumtunda.

Mabatani atatu aja anali pamzere umodzi. Anali motalikirana mofanana, ngati a pamalaya.

Ulusi wofiira kunalibe.

"Wakondwa?" anafunsa Amayi.

Kabatani anayang'ana nkhope ya Amayi. Inali yowala. Anayang'ana zala zawo. Zinali zitatopa.

"Zikomo, Amayi," anatero motsitsa. "Zikomo, Malume."

Anatenga mapu aja. Analowa nawo pansi pa tebulo.

Makina anayambanso kulira. Simbi inayambanso kuyenda. Kabatani anayala mapu aja pamiyendo.

Akanena, Amayi akhumudwa. Akapanda kunena, mawa kukalasi amuseka. Mawa linali Lachisanu.

"Mwina palibe amene adzaone," anaganiza. "Ndiyesere kufotokoza."

Anaika chala pamapu. Anayamba kunong'ona.

"Iyi ndi nyanja. Nyanja ndi madzi ambiri okhala pamalo amodzi."

Anasuntha chala.

"Ichi ndi chilumba. Chilumba ndi..."

Anaima.

Anayambanso. "Ichi ndi chilumba. Chilumba ndi..."

Anaimanso.

Mapazi a Amayi anasiya kupalasa. Makina anati zii.

"Wasiyiranji, mwanangu? Ndimamvetseratu. Chilumba ndi chiyani?"

Kabatani anayang'ana pansi.

"Chilumba ndi mtunda wozunguliridwa ndi madzi," anatero. "Mbali zonse."

"Eya, wakhoza."

"Koma ichi si chilumba, Amayi."

Mawu ake anali aang'ono ngati ulusi. Koma Amayi anawamva. Anasuntha mpando. Anagwada pansi. Analowetsa mutu pansi pa tebulo.

"Tandionetsa."

Kabatani analoza kansalu kachikasu. "Mwachilumikiza kumtunda. Madzi sakuchizungulira."

Amayi anagwira pakamwa. "Mayo ine! Ndimayesa chinathothoka. Ndinati kansalu aka kakhala bwanji pakokha, kamvetsa chisoni."

"Chimakhala pachokha, Amayi. Anthu amapitako pa bwato."

"Pali chinanso?"

Kabatani anazengereza. Amayi anamugwira chibwano.

"Nena, mwanangu. Amene amabwera ndi diresi lothina amanena. Ine sindikwiya. Ndimamasula, n'kusokanso."

Kabatani anapuma kwambiri. "Zilipo zingapo," anatero.

"Zingapo!" anafuula Malume. "Alongo, mwalephera mayeso!"

"Inu khalani chete, achimwene. Tuluka, mwanangu. Tiyale patebulo."

Anayala mapu patebulo. Kabatani anakwera pa kampando.

"Mtsinjewu suyenera kuwongoka," anatero.

"Chifukwa chiyani? Unali wokhota ngati wasoka munthu wosinza."

"Mtsinje umayambira kumtunda. Pamene umayambira ndi gwero. Madzi amatsika. Amafuna malo otsika. Akapeza mwala, amaulambalala. Akapeza chitunda, amachilambalala. N'chifukwa chake umakhota."

"Ooh," anatero Amayi. "Ndiye kukhotako ndi dala?"

"Ndi dala, Amayi."

"Nanga mabataniwa? Anali balala. Malaya otero sangamangike."

"Si a malaya, Amayi. Loyerali ndi doko. Doko ndi pamene sitima za pamadzi zimaima. Zimatsitsa katundu. Zimakweza katundu. Liyenera kukhala pagombe."

Onse anayang'ana batani loyera. Linali pakati pa minda, kutali ndi madzi.

Malume anaseka mpaka kugwira m'mimba. "Sitima ya m'munda! Alongo, sitima yanu izilima?"

Amayi nawo anaseka. "Sekani, achimwene. Nthawi yanu ikubwera."

"Ine? Ine ndangosita basi. Ntchito yanga ilibe banga."

Kabatani anawayang'ana Malume. Kenako analoza nsalu yabulauni.

"Ili linali phiri, Malume."

Malume anasiya kuseka.

"Phiri ndi malo okwera kwambiri," anatero Kabatani. "Limaposa malo onse ozungulira. Makwinya aja anali mitunda ndi zigwa. Chigwa ndi malo otsika pakati pa mitunda."

"Ndiye ndasita phiri?"

"Mwasita phiri, Malume."

"Ndipo linandivuta bwanji! Ndinawaza madzi kawiri!"

Amayi anaseka mpaka misozi. Kabatani naye anaseka.

"Kwatsala chimodzi," anatero. "Ulusi wofiira uja."

"Uja wogwirizira uja? Ndausolola. Ulusi wogwirizira sutsala pa chovala, mwanangu. Ukatha kusoka, umauchotsa."

"Sunali wogwirizira. Anali malire. Pamapu malire amalembedwa modukizadukiza."

"Malire ngati a munda?"

"Ngati a munda, koma a mayiko. Dziko lina limathera pamenepo. Lina limayambira pamenepo. Anthu a mbali iyi ali ndi chiyankhulo chawo. A mbali iyo ali ndi chawo. Ali ndi nyimbo zawo ndi mavalidwe awo. Chimenecho ndi chikhalidwe."

"Ndiye ine ndasolola malire a mayiko awiri?" anatero Amayi. "Ndi chala chimodzi?"

"Akumangani, alongo," anatero Malume.

Amayi analoza zipi yakuda. "Nanga iyi? Ndalakwitsanso?"

"Imeneyo ndi njanji. Ili bwinobwino."

"Ndakhoza chimodzi!" anatero Amayi, akuomba m'manja.

Dzuwa linali litapendeka. Amayi anatenga lezala. Anayamba kumasula misoko. Ankadula ulusi umodziumodzi. Kabatani ankatola tiulusi todukato.

"Tsopano telala ndi iwe," anatero Amayi. "Ine ndine wophunzira. Uziloza, ine ndizisoka."

Kabatani anaika chala paphiri. "Muyambire apa."

Makina analira.

"Khotani."

Amayi anakhotetsa riboni.

"Khotaninso."

"Iii, manja akukana," anatero Amayi. "Zaka zonsezi ndikuwongola!"

"Khotaninso pang'ono, Amayi."

Anakhota, anakhota, mpaka anafika kunyanja.

Chilumba chinabwerera pakati pa madzi. Doko linabwerera pagombe. Fakitale inabwerera pafupi ndi njanji.

"Fakitale ikufunanji kunjanji?" anafunsa Malume.

"Mufakitale amapanga zinthu," anatero Kabatani. "Monga nsalu. Thonje limachokera kumunda. Sitima ya pamtunda imalibweretsa. Nsalu ikapangidwa, imapita kumsika. Kumsika anthu amagula ndi kugulitsa."

"Kenako Amayi ako amaisoka, ine n'kuisita," anatero Malume. "Ndiye ifenso tili m'nkhaniyi!"

Koma phiri linavuta. Kabatani analifinya. Linaphwanso. Analifinyanso. Linaphwanso. Simbi ya Malume inali itagwira ntchito kwambiri.

Kabatani anayamba kuda nkhawa. Popanda phiri, mtsinje uchokera kuti?

Malume anakanda mutu. Anayenda uku ndi uku. Kenako anatsegula kabati. Anatulutsa jekete lakale long'ambika. Anapisa dzanja m'phewa mwake. Anasolola kathonje kamene kamatukula phewa. Anasololanso ka phewa linalo.

"Ndaligwetsa ndine," anatero. "Ndilidzutsanso ndine."

Anasanjikiza tithonje tiwiri tija. Anatilowetsa pansi pa nsalu yabulauni. Amayi anasoka mozungulira. Phiri linaima njo!

Malire anasoka Kabatani yekha. Ulusi unkaoneka, n'kubisala, n'kuonekanso. Amayi anangopinda manja, n'kumaonerera.

Lachisanu linafika. Ana anabwera ndi mapu awo. Ena anali a papepala. Ena anali a pakatoni. Wina anaumba ake ndi dothi.

"Kabatani, bwera kutsogolo," anatero aphunzitsi.

Kabatani anaimirira. Anatambasula nsalu yake.

"Taonani, wabwera ndi chofunda!" anatero mnyamata wa pabenchi lakumbuyo. "Akufuna kugona!"

Ana anaseka. Kabatani anayang'ana pansi.

Aphunzitsi anagwira nsonga ziwiri za nsaluyo. Anaikweza m'mwamba. "Yamba, mwana wanga. Tikumvetsera."

Kabatani anaika chala paphiri. Linali lofewa. Anakumbukira nkhope ya Malume. Anatsala pang'ono kuseka.

"Ili ndi phiri," anatero.

"Kweza mawu pang'ono."

"Ili ndi phiri! Lili kumpoto. Apa ndi gwero la mtsinje."

Chala chinatsika ndi riboni. Chinakhota uku. Chinakhota uko. Mawu anatsatira. Anatchula chigwa. Anatchula minda ndi midzi. Anatchula msika, fakitale ndi njanji. Anatchula malire. Anatchula anthu a mbali iyi ndi a mbali iyo. Chala chinafika kunyanja. Chinaima padoko. Chinadumphira pachilumba.

M'kalasi munali zii.

Mnyamata uja anakweza dzanja. "Ndingaligwireko phirilo?"

Kabatani anamuyang'ana. "Gwira," anatero. "Koma usalikanikize. Linaphwapo kale."

Ana onse anafuna kugwira. Anafola mzere mpaka pakhomo.

Masana Kabatani anafika kwa Amayi chimanjamanja. Amayi anaimitsa makina. Malume anaimika simbi.

"Mapu ali kuti?" anafunsa Amayi. "Awakana?"

"Ayi."

"Wataya?"

"Ayi, Amayi. Aphunzitsi awapachika pakhoma. Akuti tiziphunzirira pamenepo."

Amayi anaimirira. Anavundikira makina. Anakutumula tiulusi pa siketi yawo.

"Achimwene, tsekani zenera. Tiyeni tikaone."

Anapita onse atatu. Kusukulu ana anali ataweruka. Kalasi inali yokhoma. Anasuzumira pazenera. Malume ananyamula Kabatani kuti aone bwino.

Mapu anali pakhoma, pafupi ndi bolodi. Dzuwa linkawala pa nyanja yabuluu.

"Tandiuza, mwanangu," anatero Amayi. "M'dziko lakoli, ife tikhala pati?"

Kabatani anaganiza. "Pafupi ndi msika. Anthu azibwera kudzasoketsa."

"Inu khalani kumeneko," anatero Malume. "Ine ndikusamukira kuchilumba. Ndikapume."

"Muli ndi bwato, Malume?"

"Ndilibe."

"Mumatha kusambira?"

"Sinditha."

"Ndiye mukhala nafe," anatero Kabatani.

Amayi anaseka. Malume anadandaula mwabodza. Anamutsitsa Kabatani pansi.

Kabatani anagwira dzanja la Amayi. Anagwiranso dzanja la Malume. Anabwerera kunyumba, iye ali pakati. Njira yonse amene ankayankhula anali Kabatani.